Ku Cocos, kwa anthu amene ankasenda kokonati

Lachisanu

Ndege yathu yochokera ku Perth inayamba yatera pa Christmas Island, anthu ambiri n'kutsikira pomwepo. Otsalafe tinaulukanso makilomita pafupifupi 900 kulowera kumadzulo, pansi madzi okhaokha, mpaka tinaona kamzere ka mitengo ya kokonati katazungulira nyanja yosaya, mchenga wapansi ukuonekera tili m'mwamba. Kumeneko ndiye ku zilumba za Cocos Keeling.

Zilumbazi zilipo 27, koma mtunda wonse ukauphatikiza ndi masikweya kilomita 14 basi. Anthu amakhala pa ziwiri zokha, ndipo onse pamodzi ndi pafupifupi 600. Ndi dera la Australia, ndalama yake ndi dola ya Australia, apolisi ndi a Australia, koma Perth ali pa mtunda wa makilomita 2,750. Indonesia ndiye ali pafupi.

Bwalo la ndege lili pa West Island. Pano pamakhala anthu ochepa, ambiri ochokera kumtunda ku Australia: aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ena a ntchito za boma, amene amagwira zaka zingapo n'kubwerera kwawo. Msewu wa ndege ndi umene unatsegula chilumbachi. Asilikali anaulambula mu 1945, nkhondo yachiwiri ili kumapeto, ndipo kuyambira 1952 ndege za Qantas zopita ku Johannesburg zinkatera pano kumwa mafuta zisanawoloke kupita ku Mauritius. Bwalo la gofu analiyala mbali zonse ziwiri za msewuwo.

M'sitolo mitengo ndi yoboola m'thumba. Katundu wolemera amabwera pa sitima pakapita masabata angapo, zamasamba zimabwera pa ndege, choncho madzulo ano anthu anali pikitipikiti kulimbirana tomato ndi kabichi asanathe.

Kutada ndinaima m'mphepete mwa nyanja ya m'kati. Kutsidya kunkaoneka magetsi a pa Home Island, pamene pamakhala anthu oposa 400, Asilamu olankhula Chimalay, amene makolo awo anabweretsedwa kuno zaka pafupifupi 200 zapitazo. Amenewo ndi amene ndadzera.

Loweruka

Lero boti la Cahaya Baru limapitirira mpaka ku Direction Island, ndiye ndinakwera nawo. Pachilumbachi sipakhala munthu. Pali mchenga woyera, timisasa ta alendo, ndi nkhanu zokhala m'zigoba za nkhono zimene zimabwera chigulu pamene waika chakudya. Kumapeto kwake kuli mpata wotchedwa The Rip, umene madzi a nyanja yaikulu amalowera mwamphamvu. Umalowa utavala galasi la m'madzi, madziwo n'kukunyamula okha, iwe ukungoyang'ana pansi nsomba zamawangamawanga ndi tishaki tosalabadira munthu.

Mu 1901 kampani ya ku Britain inamanga pano siteshoni ya nthambo za telegalafu zodutsa pansi pa nyanja, zolumikiza Australia ndi Mauritius ndi Africa. M'mawa wa pa 9 Novembala 1914 sitima yankhondo ya Germany yotchedwa Emden inatsitsa asilikali pafupifupi 50 kuti aphwanye siteshoniyo. Ogwira ntchito anali atatumiza kale uthenga wopempha thandizo, ndipo sitima yankhondo ya Australia yotchedwa HMAS Sydney, imene inkaperekeza sitima zonyamula asilikali a Australia ndi New Zealand, inapatuka n'kubwera. Dzuwa lisanafike pamutu Emden inali itaphwasuka, kaputeni wake Karl von Müller n'kuikwezera dala pa matanthwe a chilumba cha North Keeling, makilomita 24 kumpoto. Ajeremani 134 anafa, a pa Sydney anayi. Aja anatsikira pamtunda anatsala okhaokha, ndipo motsogozedwa ndi Hellmuth von Mücke analanda chombo chamatanga chotchedwa Ayesha n'kuthawira ku Sumatra. Mu 1915 anakatulukira ku Constantinople, kumene lero ndi Istanbul ku Turkey.

Zonsezi zalembedwa pa zikwangwani m'kanjira ka pachilumbapo. Nkhani ya pa Horsburgh Island, chimene chimaonekera chakumadzulo, simveka kwambiri. Usiku wa pa 8 Meyi 1942 asilikali a ku Ceylon, kumene lero ndi Sri Lanka, amene ankalondera mizinga kumeneko anaukira akuluakulu awo, motsogozedwa ndi Gratien Fernando. Zinawakanika, ndipo atatu ananyongedwa.

Onsewa anali anthu odutsa. Pobwerera boti linaima pa Home Island, amayi ofunda mipango kumutu n'kutsika ndi ana awo. Mlendo akhoza kuchoka kuno ataloweza dzina la kaputeni wa Emden, osadziwa kuti amayi amenewa anapezeka bwanji pakati pa nyanja.

Lamulungu

Boti silikuyenda. Ndinabwereka njinga n'kupalasa kulowera kummwera, msewu umodzi womwewo, nkhuku zolowerera zikuthawira patchire. Kokonati wa mbali zonseyu anachita kubzalidwa kalekale. Pano wokolola palibe, zipatso zimagwa n'kumera pomwepo, mpaka munda wonse wasanduka nkhalango yothithikana.

Charles Darwin anafika kuno pa sitima ya Beagle mu Epulo 1836. Anayenda pa matanthwe omwewa, ndipo zimene anaona zinalimbikitsa maganizo ake akuti zilumba zozungulira chonchi zimayamba ndi phiri limene limamira pang'onopang'ono, korali, tizamoyo ta m'nyanja topanga matanthwe, n'kumakulira pamwamba pake kulondola kuwala. Ndiye kuti pansi pano dothi lenileni palibe, ndi mchenga ndi zibenthu za korali. Madzi akumwa ndi a mvula amene amalowa mumchengamo n'kuyandama pamwamba pa amchere. Ukawapopa mopyola muyezo, mchere umakwera.

Chimene chinandiwawa ndi zinyalala za pagombe: mapatapata a phazi limodzi, zitsekerero za mabotolo, miswachi, zingwe za maukonde. Akatswiri otsogozedwa ndi Jennifer Lavers atafufuza mu 2017 anawerengera kuti pa magombe a Cocos pali tizidutswa ta zinyalala 414 miliyoni, tolemera matani 238, kuphatikizapo nsapato 977,000 ndi miswachi 373,000. Anthu 600 sangataye zonsezo. Zimabwera ndi mafunde kuchokera kutali, ndipo mabotolo ambiri amene ndinatola anali olembedwa chilankhulo cha ku Indonesia.

Lolemba

Ndinakadikira boti la m'mawa pa doko la Rumah Baru. Linafika lodzaza ndi anthu a pa Home Island obwera ku ntchito ndi ana a sekondale, n'kubwerera lopepuka ndi ife owerengeka. Ulendo wake ndi wa theka la ola. Madzi ndi oyera mbee, moti akamba am'madzi ankaoneka akuthawa boti.

Mudzi wa pa Home Island amautcha Bantam, kapena kungoti kampong. Nyumba zili m'mizere yowongoka, zofanana mamangidwe, timisewu topapatiza. Galimoto n'zosowa, anthu amayenda pa tingolo ta gofu ndi njinga zamoto za matayala anayi. Mlendo amapemphedwa kuvala zobisa mapewa ndi mawondo. Masana mawu oitanira ku swala anamveka mudzi wonse kuchokera ku mzikiti, abambo n'kusiya zimene ankachita.

Bambo ena achikulire anandiona ndikuzungulirazungulira n'kundiitanira pakhonde. Kuno munthu akabereka, dzina lake lobadwa nalo limagona. Bambo amatchedwa Pak, mayi Mak, kutsogolo kwa dzina la mwana woyamba, ndipo mdzukulu akabadwa onse awiri amasanduka Nek, kutsatira dzina la mdzukuluyo. Ondilandirawo anali a Nek, ndipo inenso ndinawatchula motero. Anandifunsa kwathu. Nditati ku Africa, anamwetulira n'kunena kuti ena mwa makolo a pachilumbachi anadzera ku Cape, ku South Africa.

Ndi mmene zinalili. Pamene woyendetsa sitima wa ku England, William Keeling, ankaziona zilumbazi mu 1609 zinalibe munthu, ndipo zinakhala choncho zaka zina zoposa 200. Mu 1826 Mngerezi wina, Alexander Hare, amene kale anali nthumwi ya Britain ku Banjarmasin pa Borneo, anafika ndi anthu pafupifupi 100 amene ankawayesa chuma chake. Anawasonkhanitsa ku Borneo, Java, Bali, Sulawesi ndi madera ena, ena n'kuwatenga ku Cape kumene anakhalako asanabwere kuno. Chaka chotsatira kunafika John Clunies-Ross wa ku Shetland, ku Scotland, yemwe kale ankayendetsa sitima ya Hare, ali ndi banja lake. Awiriwa sanamwerane madzi. Anthu a Hare anayamba kuthawira kwa Clunies-Ross, ndipo pofika 1831 Hare anali atachoka. Anthu aja anatsala. Pambuyo pake kunabweretsedwanso antchito ochokera ku Banten pa Java, ndipo m'mibadwo yochepa onsewa anasanduka mtundu umodzi wokhala ndi chilankhulo chakechake, Chimalay cha ku Cocos, chimene muli mawu a Chijava ndi a Chingerezi.

Tikucheza, a Nek aakazi anabwera ndi mpunga, nsomba yokazinga, tsabola wosinja wotchedwa sambal, ndi gong gong, nyama ya nkhono ya m'nyanja ya chigoba chokhala ndi nyanga, imene amatola m'madzi osaya. Anakhala pambali kuonetsetsa kuti mbale yanga isaphwe.

Lachiwiri

Ndawolokanso. M'nyumba yosungira zinthu zakale ya pachilumbachi ndinaona tindalama ta pulasitiki, topepuka, tamitundu yosiyana. Ndi timene anthu ankalipidwa mpaka m'zaka za m'ma 1970. Banja la Clunies-Ross linali ndi ndalama yakeyake, rupee ya ku Cocos, imene sinkagula kanthu kwina kulikonse koma m'sitolo ya banja lomwelo. Munthu ankagwira ntchito kwa Tuan, kutanthauza bwana, mkulu wa banjalo, kulipidwa ndi Tuan, malipirowo kukawasiya m'sitolo ya Tuan, n'kukagona m'nyumba ya pa malo a Tuan. Woweruza milandu anali Tuan yemweyo. Mwana akakwanitsa zaka 14 ankayamba ntchito. Wofuna kuchoka ankachoka, koma lamulo linali lakuti wapita wapita, asadzapondenso. Amene anakula akumva za thangata wa m'maesiteti a ku Thyolo ndi Chiradzulu sangavutike kumvetsa, kungoti kuno kunalibe mudzi wina wokapemphako malo. Mbali zonse ndi nyanja.

Mphamvu zimenezi zinali ndi chikalata. Britain inatenga zilumbazi mu 1857, ndipo mu 1886 Mfumukazi Victoria inapereka mtunda wonse kwa George Clunies-Ross ndi zidzukulu zake mpaka kalekale. Anthu amene anali atabadwira pamtundapo sanapatsidwe ngakhale phazi limodzi. Banjalo linalamulira mibadwo isanu.

A Nek ananditengera kuseri kwa nyumba kukandionetsa ntchito imene anayamba ali mnyamata. Pali chitsulo chosongoka chozikidwa pansi, nsonga ili m'mwamba. Amagwira kokonati ndi manja awiri, kumubaya pansongapo, kupotoza, khoko n'kung'ambika. Kubaya kachiwiri, kachitatu, chipatso chatuluka. Kenako chikwanje kamodzi pakati, madzi n'kutayika. Mnofu woyera wa m'katimo ankaukolokota ndi timipeni n'kuuumitsa, ndipo umenewo ndiye copra, amene ankakwera sitima kukayengedwa mafuta opangira sopo ndi majarini. Abambo ankapita pa mabwato ku zilumba zopanda anthu kukatola ndi kusenda, amayi ambiri ankagwira ya kukolokota. Ngakhale akalamba, manja a a Nek sanaphonye nsonga ngakhale kamodzi, ndipo maso awo anali pa ine, osati pa chitsulo.

Kuchoka apo ndinapita ku Oceania House, nyumba yosanja imene George Clunies-Ross anayamba kumanga mu 1887. Ili m'munda waukulu wa mitengo yakale, moyang'ana nyanja ya m'kati. Mfumukazi Elizabeth II inalandiridwa pano mu 1954. Nyumbayo ndi yokongola, sindingakane. Koma kuchoka pa chipata chake kufika pa nyumba zoyamba za kampong ndi mphindi zochepa wapansi, ndipo njerwa iliyonse inagulidwa ndi thukuta la pa chitsulo chija.

A Nek sanalankhule mwaukali. Anati njala kunalibe, nyumba salipira, odwala ankasamalidwa, ndipo anyamata ankaphunzira ukalipentala, kusula zitsulo ndi kupanga mabwato. Ena mwa a Clunies-Ross anakwatira akazi a pachilumba pompo ndipo ankalankhula Chimalay ngati wina aliyense. Ndinawamvetsa, ndipo sindingawaphunzitse za moyo umene anaukhala okha. Komabe ine ndikuona kuti munthu wodyetsedwa bwino, koma wosaloledwa kukaona kunja n'kubwerera kwawo, ndi womangidwa ndithu.

Lamulo limeneli linaluma kwambiri nkhondo yachiwiri itatha. Anthu anali atachuluka kuposa mmene copra akanawadyetsera, ndipo pakati pa 1948 ndi 1951 oposa 1,500 anasamutsidwira ku North Borneo, kumene lero ndi Sabah ku Malaysia, kukagwira ntchito m'minda ya makampani cha ku Tawau ndi Lahad Datu. Mabanja anagawikana pa doko lomwe ndinatsikirali. Zidzukulu za opitawo lero n'zambiri kuposa anthu otsala pa Home Island.

Lachitatu

Britain inapereka zilumbazi kwa Australia pa 23 Novembala 1955, koma pa Home Island sipanasinthe zambiri. Woimira boma ankakhala pa West Island, tsidya lino mawu anali a John Cecil Clunies-Ross. Nthumwi za United Nations zitabwera mu 1974 zinadzudzula zimene zinaona, ndipo m'zaka zomwezo mabanja ambiri anasamukira ku Western Australia, ku Katanning, Port Hedland, Geraldton ndi Perth. Mu 1978 boma la Australia linagula mtunda wonse, kupatula Oceania House ndi munda wake, pa madola 6.25 miliyoni. Analandira ndi mwini chikalata, osati osenda kokonati.

Tsiku limene anthu a kuno amalitchula monyadira ndi 6 Epulo 1984. Pamaso pa nthumwi za United Nations anafunsidwa, koyamba chifikireni makolo awo, kuti asankhe okha. Mwa anthu 261 amene anavota, 229 anasankha kulowa mu Australia kwathunthu, 21 anafuna kudzilamulira mogwirizana ndi Australia, 9 anafuna dziko loima palokha, ndipo mavoti awiri otsalawo anaonongeka. Chaka chilichonse tsikuli ndi tchuthi. Copra anatha mu 1987 chifukwa sankapindulanso, ndipo kuyambira pamenepo ntchito zolipidwa zimapezeka makamaka ku khonsolo, ku kopaletivi ya eni chilumba imene imayendetsa boti ndi sitolo, kusukulu ndi kuchipatala. John Cecil Clunies-Ross anamwalirira ku Perth mu 2021.

Masana ndinakhala m'shedi ya mabwato otchedwa jukong. Ndi amatabwa, opapatiza, opakidwa penti yowala, oyendera thanga. Kale ndiwo ankanyamula kokonati. Lero ntchito yawo ndi mpikisano, makamaka pa Hari Raya, chikondwerero cha Idi chotsatira Ramadan, pamene abale a ku Australia amabwerera kudzapepesana ndi akuluakulu ndi kuyendera manda. Bambo wina ankapala thabwa la m'mbali, akuliyeza ndi diso ndi chikhatho, mnyamata ataima pambali kugwirizira. Anandiuza kuti opanga jukong atsala ochepa, n'chifukwa chake mnyamatayo samulola kuchoka.

Lachitatu boti limayendanso madzulo kuti a pa West Island akadye pa Home Island. Titadya, wina anandionetsa pa foni gule wa paukwati: vayolini ndi ng'oma, amuna ndi akazi m'mizere iwiri akusinthana malo. Mayendedwe ake ndi a ku Scotland, koma ovina avala zachimalay, ndipo amauvina ngati wa makolo awo, pakuti ndi wawodi tsopano.

Lachinayi

Manda ali kumpoto kwa chilumba, pa Pulu Gangsa. Ndinapita wapansi ndi mdzukulu wa a Nek, mayi wa ana awiri. Pamenepo pagona mibadwo yonse kuyambira nthawi ya Hare, ndipo a Clunies-Ross ena agona chapafupi pomwepo. Nyanja ili pafupi kwambiri ndi mitumbira. M'njira monse tinkadutsa makoma a matumba akuluakulu a mchenga, ounjikidwa kuti mafunde asadye gombe.

Mtunda wa kampong unangokwera pang'ono pamwamba pa nyanja. Mvula yamphamvu ikakumana ndi madzi odzaza, timisewu timasefukira, chifukwa madziwo alibe kotsikira. Mu 2025 boma linatulutsa lipoti la akatswiri limene linati m'zaka makumi angapo zikubwerazi njira yotsala idzakhala kusamutsa anthu. A pa Home Island anakana poyera. Mnzangayo anandiuza kuti sakutsutsa kuti nyanja ikukwera, amaiona tsiku ndi tsiku pakhomo. Chimene akukana ndi choti anthu a kutali agwirizane kaye za kwawo, iwo n'kudzangouzidwa. Anaonjeza kuti agogo ake anaona abale awo akukwera sitima ya ku Borneo, ndipo ambiri sanaonanenso.

Nthawi yomweyi, kutsidya pa West Island, boma likuthira madola oposa 500 miliyoni kukulitsa ndi kulimbitsa msewu wa ndege kuti pazitera ndege zankhondo zolondera nyanja za P-8A Poseidon. Chilumba chimodzi akuchiona choyenera kuchimangira, china akuti n'chodula kuchiteteza. Apa mtima wanga uli ndi a pa Home Island. Mu 1984 anavomera kulowa mu Australia kwathunthu atalonjezedwa kuti moyo wawo udzafanana ndi wa nzika zina, ndipo chikhalidwe ndi malo awo zidzalemekezedwa. Ngati ndalama ya konkire wa ndege yapezeka, ya khoma ndi ngalande za kampong ipezekenso, ndipo ngati tsiku losamuka lidzafikedi, alitchule ndi eni ake.

Ndinakatsanzika kwa a Nek. Anandipatsa botolo la mafuta a kokonati oyenga okha, n'kundiuza kuti ulendo wina ndidzabwere pa Hari Raya, jukong zili pamadzi.

Lachisanu

Ndikulemba ndili pa bwalo la ndege. Pamzere pali mabokosi oziziritsa omangidwa ndi tepi, odzaza nsomba ndi gong gong zopita kwa abale kumtunda. Ambiri okwera nawo ndi a pa Home Island. Ena akupita kukaonana ndi madokotala ku Perth. Pali atsikana awiri obwerera kusukulu, chifukwa ya kuno imalekezera Year 10, wofuna kumaliza sekondale ayenera kuwoloka. Pali mayi woyembekezera ndi amayi ake, pakuti masiku ano amayi amatumizidwa kumtunda nthawi yochira isanakwane, ndipo ana a Cocos amabadwira ku Australia n'kubwera kwawo pa ndege.

Amayi achikulirewo atamva kuti ndimakhala cha ku Perth anandiuza kuti ndikafike ku Katanning, tauni yaulimi ya kummwera chakum'mawa kwa Perth, kumene abale awo anapita m'ma 1970 kukagwira ntchito yopha nkhosa mwa halal n'kumangako mzikiti wawo. Ndawalonjeza kuti ndipita mwezi wamawa, ndipo ndikakafika ndidzalemba za kumeneko.